Ankhoswe Abwera ndi Zithunzi za ku Kongo

Ku Malomo anthu amawadziwa mayiko onse a pansi pano ngakhale sanapondeko. Mukafunsa aliyense wokhala pakhonde la golosale, akuuzani mosajejema kuti ku Joni kuli ntchito ndi mipeni, ku Tanzania kuli zitenje, ku China kuli mafoni osachedwa kufa. Za ku Kongo ndiye safuna n'kuganiza komwe. Kumeneko, amati, kuli nkhondo, ndipo munthu amene sakuwombera mnzake ndiye kuti akuvina, buluku atakwezera pachifuwa.

N'chifukwa chake tsiku limene Rakele, mtsikana wophunzitsa sitandade folo pasukulu ya pulaimale, anaulula kuti wapeza mwamuna wa ku Kongo, amayi ake, a Manesi, anakhala pansi pomwe anaimapo, lichero la mtedza lili m'manja. Mwamunayo dzina lake anali Kalebe. Ankakonza mawailesi ndi zoimbira ku Lilongwe, ndipo ku Malomo anabwera kudzaphunzitsa a kwaya kuliza kiyibodi imene mpingo unagula n'kuisunga m'katoni zaka ziwiri poopa kuiwononga. Anali munthu wofatsa, wodziwa kunjuta popereka moni, ndipo buluku ankavalira m'chiuno ngati wina aliyense, zimene zinakhumudwitsa anthu ambiri. Vuto linali limodzi: ankafuna chitengwa. Ankati akamanga ukwati amutenge Rakele akakhale naye ku Lubumbashi, kumene kunali amayi ake ndi nyumba imene bambo ake anasiya.

A Manesi sanakane poyera. Mayi wa ku Ntchisi sakana ndi pakamwa pake pamene mwambo ungathe kumukanira. Pamsonkhano wa banja anangokumbutsa abale kuti mwana sapita ku chitengwa kumudzi kumene nkhoswe sinafikeko. Nkhoswe iyenera kukaona nyumba, kukaona apongozi, kukamwa madzi a kumeneko, kenako n'kudzanena zimene yaona. Atatero anapinda manja, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti m'banjamo mulibe mwamuna amene angapereke khosi lake chifukwa cha chikondi cha munthu wina.

Anaiwala mlongo wawo, a Obadiya Kamphinda, atsibweni ake a Rakele.

A Obadiya anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, mkulu wa mpingo, bambo wamtali wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Zaka makumi atatu ndi zinayi anagwira choko, ndipo m'zaka zonsezo palibe amene anawagwirapo bodza. Ankati akafunsidwa pamaliro ngati malemuyo anali munthu wabwino, iwo ankayamba akanda kumutu. Anthu sankawakonda kwenikweni, koma ankawakhulupirira, ndipo iwo ankaona kuti zimenezo n'zokwanira. Rakele ndiye anali mwana wawo wapamtima. Anamuphunzitsa okha kulemba dzina lake pamchenga, ndipo atamuona akupukuta misozi pamsonkhano paja, mtima unawawawa.

"Ndipita ine," anatero a Obadiya.

Abale anagwirizana pomwepo, chifukwa panalibenso pothawira. A Obadiya akadzati kuli mtendere, Rakele apita. Akadzati kuli nkhondo, chibwenzi chathera pomwepo, ndipo Rakele analonjeza pamaso pa onse kuti sadzatsutsa.

Sabata lotsanzikana mpingo unawapempherera. Amayi a Chigwirizano anaimba nyimbo imene nthawi zambiri imaimbidwa bokosi likutuluka m'nyumba, ndipo adzukulu ena anali atayamba kale kunong'onezana za amene adzatenge njinga yawo. Rakele anawabwereka foni yake n'kuwaphunzitsa kujambula: kuti chala chisatseke kagalasi, kuti dzuwa likhale kumbuyo. Ananyamuka ndi Kalebe pabasi, kudzera ku Mchinji, Chipata, Lusaka, Kitwe, mpaka pachipata cha Kasumbalesa cholowera ku Kongo, masiku atatu ali chikhalire.

Ku Lubumbashi anakhalako masiku khumi, ndipo chimene chinawadabwitsa ndi chakuti kunalibe chodabwitsa. Dothi lofiira, mitengo ya mango, fumbi, makondakitala olendewera pazitseko za maminibasi. Amayi ake a Kalebe, mayi wamfupi wonenepa woseka ndi thupi lonse, anawapatsa chipinda chawo, iwo n'kukagona pamphasa m'chipinda cha adzukulu. M'mawa uliwonse a Obadiya ankapeza malaya awo atachapidwa, atasitidwa ndi simbi ya makala. Chiyankhulo sankamvana, koma tsiku lina mayiwo akusesa anayamba kung'ung'udza nyimbo ya m'buku la nyimbo imene a Obadiya ankaidziwa m'Chichewa, ndipo anaimbira limodzi mpaka ndime yomaliza, wina m'Chiswahili wina m'Chichewa. Masana ankayenda m'misewu ndi Kalebe, kujambula chilichonse chimene aona. Pobwera mayi aja anawaperekeza mpaka pa depoti, akulira.

Munthu wina akanangofika n'kunena kuti kuli mtendere, nkhani n'kutha. Koma mphunzitsi sakhulupirira phunziro lopanda zophunzitsira. A Obadiya anatsikira ku Mponela, n'kukatsukitsa zithunzi makumi anayi pa situdiyo. Anapempha holo yakale ya mpingo, anamanga zingwe zoyanikira zovala kuchokera pazenera kufika pazenera, n'kupachika zithunzizo ndi mapegisi. Pansi pa chithunzi chilichonse anamata kapepala kolembedwa ndi dzanja lawo lopendekeka lija: Mayi wogulitsa matimati. Ana akuweruka kusukulu. Wometa. Pakhomo analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti MOYO WA TSIKU NDI TSIKU M'DZIKO LA KONGO, ndipo pakhoma anakhoma mapu a Afirika amene anachoka nawo kusukulu popuma. Kalebe iwo anamuuza kuti akhale ku Lilongwe, adikire yankho pafoni, poti nkhani ya ankhoswe mkamwini sakhalapo.

Linali Loweruka masana mu Julaye, nkhungu ikutsika kuchokera kumapiri a Ntchisi. A Obadiya anaitana abale okha, koma nkhani inali itayenda pansi, ndipo kunabwera Malomo yense. Ena anachoka ku Bowe panjinga, ena ku Dzoole. Amayi anasiya ana panja kuti asadzalote zoipa. Azimayi angapo analowa atagwiriratu nsonga ya chitenje pafupi ndi maso, kukonzekera kulira.

Anazungulira holo yonse mwakachetechete, chingwe ndi chingwe. Anaona mayi ataunjika matimati m'milumilu. Anaona bambo akukankha njinga yosenza matumba anayi a makala. Anaona ana ovala yunifolomu, wometa pansi pa mtengo, mbuzi itamangidwa padenga la minibasi, amayi ake a Kalebe akuyanika zovala. Atafika kumapeto anayang'ana kuseri kwa chitseko, mwina kuli chingwe china.

"Zatha?" anafunsa mayi wina.

"Zatha," anayankha a Obadiya, akumwetulira. "Ndi mmene kulili."

Azimayi aja anatsitsa zitenje zawo mokhumudwa, ngati anthu amene apita pamaliro n'kupeza wodwala akudya phala.

Amene anayamba kuyankhula anali a Elifala, mkulu wa mpingo mnzawo wa a Obadiya. A Elifala anakhalapo ku Joni miyezi isanu ndi umodzi ali mnyamata, ndipo chiyambire pamenepo nkhani zonse za kunja ku Malomo zinkadutsa mwa iwo. Ulendo wa a Obadiya unawawawa kuyambira tsiku loyamba. Anaima patsogolo pa chithunzi cha matimati, manja kumbuyo, magalasi pamphuno.

"Aphunzitsi," anatero a Elifala, "ine sindikutsutsa ayi. Koma apa si pa Mponela apa?"

Anthu anasendera pafupi. Mayi wina wa ku Bowe anayang'anitsitsa n'kunena kuti wogulitsa matimatiyo akumudziwa, ndi Nabanda, uja anathawa ukwati chaka chatha. Bambo wina wa ku Dzoole anaima pa chithunzi cha makala, n'kuloza njinga ija. Njingayo, anati, ndi yake, inabedwa pachigayo mu Febuluwale, ndipo chishalo chake akuchizindikira bwinobwino. Anafuna kuti a Obadiya amuuze kumene wakubayo akukhala.

A Obadiya poyamba anaseka. Anatenga kandodo kolozera, n'kuwatengera onse pa chithunzi cha sitolo yokhala ndi chikwangwani.

"Werengani apa," anatero. "Ichi ndi Chifalansa. Pa Mponela analemba liti Chifalansa?"

"Pa Mponela ayi," anavomera a Elifala modekha. "Koma pa Dzaleka, pompa ku Dowa, pamene amakhala othawa nkhondo, zikwangwani za Chifalansa zili mbwee. Munthu ukhoza kupita m'mawa n'kubwerako madzulo."

Holo yonse inang'ung'udza movomereza. A Obadiya analoza chithunzi cha phiri lakuda la zinyalala za mgodi ndi chumuni chake chachitali, chimene aliyense wa ku Lubumbashi amachidziwa. Mlimi wina wa fodya anati chumuni chimenecho anachionapo ku Kanengo, atapita kukagulitsa mabelo. Anatulutsa pasipoti m'thumba la jekete, n'kuonetsa zidindo. A Elifala anaitenga, anaipendeketsa kuwindo, anainunkhiza, n'kuibweza mwaulemu.

"Zidindo masiku ano anyamata akusema pa patapata," anatero. "Sindikuti inu mwatero. Ndikungoti zikuchitika."

A Obadiya anapita pa mapu. Anafotokoza kuti Kongo ndi dziko lalikulu, Malawi akhoza kulowamo kakhumi n'kutsalabe malo. Nkhondoyo ilikodi, anatero, ndipo anthu akuvutika, koma ili kumpoto chakum'mawa, kutali ndi Lubumbashi monga momwe ilili kutali ndi Karonga wathu yemweyu. Anayeza ndi kandodo kuti onse aone. Palibe amene anayang'ana mapuwo. Onse ankayang'ana iwo, ndipo m'maso mwawo munali chinthu chimene a Obadiya anali asanachionepo chiyambire: chisoni chosakanikirana ndi chisangalalo. Ku Malomo kulibe chokoma kuposa kugwira munthu wolungama.

"Musawapanikize," anatero bambo wina kumbuyo, mokweza kuti amveke. "Ukalamba umabwera ndi mantha. Nanenso ndikanatsikira pa Mchinji."

Anthu anaseka. A Manesi sanaseke. Anayang'ana mlongo wawo, maso ali ndi misozi, n'kufunsa chapansipansi: "Achimwene, munafikadi?"

Funso limenelo ndilo linawalasa. Kuti Elifala awakayikire, zimenezo n'zachikhalire. Koma Manesi, amene anamubereka kumsana ali mwana, kuwafunsa ngati anafikadi! Anayang'ana Rakele. Mtsikanayo anali ataima pafupi ndi chithunzi cha apongozi ake, nkhope ili gwa, akuwagwedezera mutu pang'onopang'ono ngati akuti limbani mtima, atsibweni, zitha.

"Tiyeni tifupikitse," anatero a Elifala. "Ine wailesi ndimamvera tsiku lililonse. Dziko la Kongo ndikulidziwa. Aphunzitsi, masiku khumi onse aja, mfuti simunaimveko ngakhale kamodzi?"

Zoona zake zinali izi. Tsiku lina ali pafupi ndi msika, tayala la minibasi linaphulika. A Obadiya anadzidzimuka mpaka kugwetsa chipewa, amayi ogulitsa nsomba zouma n'kuwaseka, mmodzi mwa iwo n'kuwatolera chipewacho. Basi. Ankafuna kunena nkhani imeneyi monga momwe inalili, kuti anthu aseke. Anatsegula pakamwa ndi cholinga chimenecho ndithu.

"Kamodzi," anatero, "ndili pamsika, ndinamva kuphulika."

Holo inangoti zii. Amene anali pakhomo kuti azituluka anabwerera. Mayi wa ku Bowe uja anakhala pabenchi. Makosi onse anatalika, maso onse anali pa iwo, ndipo a Obadiya analizindikira bata limenelo. Linali bata la kalasi imene yagwidwa ndi phunziro, limene chipumire pantchito anali asanalimvenso. Mawu akuti tayala anali pa lilime, koma anaona kuti akawatulutsa anthu aseka, ndipo saseka tayala, aseka iwo.

"Kuphulika kwamphamvu," anapitiriza. "Chipewa changa chinagwa pansi."

"Mayo ine," anatero mayi wina, nsonga ya chitenje ikubwerera kumaso.

"Anthu anathawa?" anafunsa a Elifala, mawu atasintha.

"Ena anathawa."

"Asilikali munawaona?"

Msilikali anamuonadi, mmodzi, pachipata cha Kasumbalesa, atakhala pampando wapulasitiki, nsapato atavula, akukukuta chimanga chootcha. A Obadiya anasiya mpando, nsapato ndi chimanga, n'kutenga zotsalazo.

"Ndinamuona maso ndi maso, mfuti ili pamiyendo. Anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ana."

"N'chifukwa chake simunajambule zimenezo," anatero bambo wa njinga uja, ataiwala njinga yake. "Akanakuwomberani."

"Kujambula msilikali n'koletsedwa," anayankha a Obadiya, ndipo zimenezo zinali zoona, moti anamva kupepukidwa pozinena.

Bodza la munthu woona ndi loopsa, chifukwa salidziwa polekezera, ndipo amalimanga ndi njerwa zenizeni. Mafunso anagwa ngati matalala, iwo n'kumayankha. Kulira kwa amayi ake a Kalebe pa depoti kunasanduka kulira kwa mayi amene sakudziwa ngati mlendo wake akafike wamoyo. Kugona kwawo pamphasa m'chipinda cha adzukulu kunasanduka kulondera ana. Anthu anabwerera kuzingwe kukaonanso zithunzi, ndipo tsopano anaona zimene poyamba sanaone. Wogulitsa matimati uja sanalinso Nabanda. M'maso mwake munali mantha oonekeratu. Ana a sukulu sankaweruka, ankathawa. Wamakala ankasamutsa katundu. Ngakhale mbuzi ya padenga ija inkaoneka kuti ikudziwa kanthu.

A Elifala anadutsa pakati pa anthu, anagwira dzanja la a Obadiya ndi manja awiri, n'kutembenukira kugulu.

"Abale, ndipepese pamaso panu," anatero. "Munthu uyu anafikadi ku Kongo."

Anthu anawomba m'manja, amayi ena analulutira. A Obadiya anaweramitsa mutu, ndipo tisawanamizire, mtima wawo unakoma. Unakoma kwa kanthawi kokwana kupuma kawiri kapena katatu, mpaka pamene a Manesi anaimirira, n'kukonza chitenje, n'kuyankhula mofatsa ngati mmene amayankhulira popempherera chakudya.

"Zikomo achimwene, mwatiyendera. Abale nonse mwamva nokha kuchokera kwa ankhoswe. Mwana wanga kumeneko sapita."

Apa m'pamene a Obadiya anadzidzimuka ngati munthu wogona m'basi amene wapitirira siteji yake. Anakweza manja onse awiri.

"Dikirani. Sindinamalize. Linali tayala. Kuphulika kuja linali tayala la minibasi. Msilikali uja ankadya chimanga. Kulibe nkhondo ku Lubumbashi, ndanena kale, onani mapu."

Anthu anawayang'ana mwachifundo chachikulu. A Elifala anawasisita paphewa.

"Ndi mmene amayankhulira anthu amene aona zoopsa," anafotokozera gulu. "Amachepetsa. Komanso akumvera chisoni mdzukulu wawoyu, mtima wa ubambo. Musadandaule aphunzitsi, tamva."

"Ndikunena zoona tsopano," anakuwa a Obadiya. "Ndinanama. Ine Obadiya Kamphinda ndanama pamaso panu."

"A Obadiya kunama?" anatero mayi wa ku Bowe, ndipo holo yonse inaseka mwachikondi, poti nthabwala yotere anali asanaimvepo.

Anthu anatuluka ali okhutira, akukambirana za bomba limene linagwa pamsika wa ku Lubumbashi. Pofika pa golosale mabombawo anali atatu. A Manesi anatuluka ndi abale, akuyenda mopepuka. A Elifala anaima pakhomo n'kunena kuti akakambirana ndi abusa, Loweruka likudzali aphunzitsi adzayankhule kwa abambo onse a mpingo za mmene Ambuye anawapulumutsira, ndipo zithunzizi zisachotsedwe.

M'holo munatsala anthu awiri. Mphepo ya kumapiri inkalowa pazenera losweka n'kumagwedeza zithunzi pazingwe. A Obadiya anakhala pabenchi, kandodo kali pamaondo. Akanakonda Rakele akanalira, kapena kuwatukwana kumene, koma mtsikanayo anangoyang'ana chithunzi cha apongozi ake chija. Iwo anayesa kuyankhula.

"Mwana wanga, mawa ndipita kwa amayi ako. Ndikawafotokozera bwinobwino, ndiyenda nyumba ndi nyumba."

"Mukawauza chiyani chimene simunawauze lero, atsibweni?" anafunsa Rakele.

Nthawi yomweyo foni inalira m'chikwama cha Rakele. Anaitulutsa, anayang'ana dzina, kenako anabwera pabenchi, n'kugwada monga mwa ulemu wake wa masiku onse, n'kuiika m'manja mwa atsibweni ake.

"Ndi Kalebe," anatero. "Anati akamva yankho aimbira amayi ake nthawi yomweyo. Akuti chiyambire m'mawa mayiwo akhala pakhonde ndi anzawo a kwaya, atavala kale zitenje zofanana. Nkhoswe ndinu. Muuzeni."

Anaimirira n'kutuluka, osatseka chitseko. Foni inalira m'manja mwa a Obadiya mpaka inaleka yokha, kenako inayambanso.